Tembenuzani mapu agone mmene dziko lagonera: kupeza njira pa Dedza, pa Ntcheu ndi mmatauni ena

Julayi wapitayu kwathu kuno ku Dedza kunali chinkhoswe cha mchemwali wanga, nde alamu anga ena a ku Blantyre anati musavutike ndi zodzandichingamira, ingonditumizirani lokeshoni pa WhatsApp ndifika ndekha. Tinatumiza. Anatsika basi pa M1 cha mma 7 koloko mmawa, kukuzizira kwa Dedza kuja kolowa mpaka mmafupa, chifunga chitatseka paliponse moti phiri silimaoneka, dzuwa nalo osaoneka. Anatsegula mapu pa foni, anaona kuti kwathu kuli chakumutu kwa sikirini, iwo nkungoti basi kumutuko nde kutsogolo kwangaku, nkuyamba ulendo chikwama chili paphewa. Koma taganizani, magalimoto kuno amayenda kumanzere ndipo chitseko cha basi chilinso kumanzere, nde munthu wochokera ku Blantyre akamatsika pa Dedza nkhope yake imakhala italoza mbali ya Mozambique, tauni ili kumbuyo kwake kutsidya la msewu. Anayenda mphindi ngati 15 mpaka mayi ena amene ankayala mbatatesi anawafunsa kuti, "Bambo, kodi ulendowu ngwa ku boda wapansi?"

Zimene anachita mayiwo ndi zimene zandipangitsa kulemba izi. Foni ija sanaigwire nkomwe. Anawerama, anatola kamtengo nkulemba mzere pa dothi, "uwu nde msewu wa tala mwatsikirawu." Anaika mwala mbali ina ya mzerewo, "ili nde phiri, lili uko ngakhale simukuliona." Mbatatesi imodzi inakhala msika, chitsekerero cha botolo chinakhala pamene aimapo. Alamu akuti pompo zonse zinabwerera mmalo mwake mmutu. Mapu a pa dothi aja analibe sikelo, analibe dzina la msewu ngakhale limodzi, koma anagona mmene dziko lagonera, mzere unaloza kumene msewu weniweni ukupita, mwala unali mbali imene kuli phiri lenileni. Agogo athu akamalondolera mlendo njira amachita zomwezi osaganizira, chifukwa pansi sungapatembenuze. Pepala ndi foni zimatembenuka limodzi ndi dzanja lako, nde usanaponye phazi ntchito yoyamba ndi kuzigoneka bwino.

Yambani ndi kudziwa ichi. Mapu ambiri amene mungawagwire, kaya a pa foni kaya aja a 1:50,000 amene tinkawerenga pa Jogalafe ku sekondale, kumutu kwake ndi kumpoto. Osati kutsogolo kwanu, osatinso kumtunda kokwera phiri ayi, kumpoto. Kumiyendo ndi kumwera, kumanja ndi kummawa kumene akuluakulu amati kuvuma, kumanzere ndi kumadzulo, kuzambwe. Mayina amenewa ndi a mphepo, mpoto, mwera, vuma, zambwe, kafunseni asodzi kunyanja akakuuzani bwino zedi, kusonyeza kuti makolo athu mbali zinayizi ankazidziwa mapu a pepala asanabwere. Ndipo zoika kumpoto kumutu ndi chizolowezi chabe cha ojambula. Al-Idrisi, katswiri amene anajambulira mapu a dziko mfumu Roger II ya ku Sicily mu 1154, iye anaika kumwera kumutu, ndipo ku Ulaya kalelo ambiri ankaika kummawa. Ndikunena izi kuti musamaope kuwazondotsa mapu, ena amaona ngati ndi umbuli kugwira pepala zolemba zili chadodolido, ayi ndithu, woyenda mnkhalango aliyense wodziwa ntchito yake amatero.

Tsopano nkhani yeniyeni, yomwe ambiri amaphonya. Matauni athuwa sanamangidwe poyang'ana kumpoto. Anamangidwa poyang'ana msewu, phiri, madzi ndi pamene boma linaika maofesi ake, basi. Ife timangoti Lilongwe kumpoto, Blantyre kumwera, nde mmutu mwathu M1 ndi mzere woongoka wotsika kuchokera kumutu kwa mapu mpaka kumiyendo. Tsegulani mapu muone nokha. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu, koma mukayeza mowongoka mupeza kuti mwasunthira kummawa makilomita pafupifupi 60 pamene kumwera mwangotsika opitirira 40 pang'ono. Kutanthauza kuti munthu uli pa Dedza, Lilongwe ali pakati pa kumpoto ndi kumadzulo, ndipo wapendekera kwambiri kumadzuloko. Nchifukwa chake mukakwera minibasi ya madzulo kupita ku Lilongwe malo ambiri dzuwa limakulasani mmaso, adalaivala nkumatsitsa kotchingira kaja. Ukanakhala ulendo wa kumpoto weniweni dzuwa likanakhala pa windo la kumanzere njira yonse. Kuchoka pa Dedza kupita pa Ntcheu nakonso msewu ngopendekeka, kumwera chakummawa, kudutsa pa Bembeke, pa Masasa, pa Lizulu, pa Mlangeni mpaka kukafika.

Bwanji unapendekeka chonchi? Chigawo chachikulu cha msewu pakati pa Dedza ndi Ntcheu chimayenda pamsana pa mtunda, pamene madzi amagawikana, ndipo malire a Malawi ndi Mozambique kuno anatsata msana womwewo kuchokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891. Mvula yogwa mbali ino imatsikira kunyanja ndi ku Shire, yogwa mbali inayo imakathera mu Zambezi. Nde pa Lizulu paja mukamagula kabichi ndi tomato, ngati mukupita ku Blantyre dzanja lamanja ndi Mozambique, lamanzere ndi Malawi. Ichi chokha ndi kampasi yaulele: pakati pa maboma awiriwa, mbali ya Mozambique ndi kumadzulo chakumwera, mbali yotsikira kunyanja, kuja umalowera msewu wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti, ndi kummawa.

Matauni awiriwa anakhalanso mosiyana, ndipo kawerengedwe ka mapu ake nkosiyana. Pa Ntcheu M1 imadutsa mkatikati mwa tauni, mashopu, mafilingi, depoti, zonse zinandanda mmbali mwa msewu ngati mikanda pa ulusi, nde pamenepo mafunso ndi awiri okha, mbali iti ya msewu, ndipo chaku Lilongwe kapena chaku Balaka. Dedza ayi. Tauni inapatuka, ili pakati pa M1 ndi phiri, msewu wolowa mtauni umachoka pa M1 nkukabwereranso pa M1 kutsogolo ngati uta ndi chingwe chake. Nde wina akangoti "nditsika pa Dedza" mfunseni kuti mphambano yake iti, ya mbali ya Lilongwe kapena ya mbali ya Ntcheu, chifukwa pa msewu wokhota ngati utawo dzanja lanu lamanja limasinthasintha kumene likuloza ngakhale inu mukuona ngati mukungoyenda chowongoka. Mukalowa mmalokeshoni nde timisewu timangotsata mmene mtunda wakhalira ndi mmene anthu anagawanira mapuloti, tambiri tilibe ndi mayina omwe, pa foni timangooneka timizere totuwa tofanana tonse.

Nde kumpoto mukupeza bwanji mutaima pansi? Pa Dedza tili ndi mwayi, phiri lathu ndi lalitali mamita 2,198 ndipo lili kumpoto kwa tauni, tauniyo ili mmunsi mwake pa mamita pafupifupi 1,600. Mukaliyang'ana muli pakati pa tauni, kumanja kwanu ndi kummawa, kumanzere ndi kumadzulo, kumbuyo ndi M1 ndi Mozambique. Koma chenjezo, phiri ndi lalikulu ndipo lili pafupi, mukasuntha kupita kumapeto kwa tauni kapena mukafika ku Bembeke silikhalanso mbali yomweyo. Chizindikiro chapafupi chimasintha mbali mukamayenda, chakutali nde chimakhazikika. Musangoloweza kuti phiri ndi kumpoto, lowezani kuti phiri ndi kumpoto ndikakhala mtauni.

Dzuwa aliyense amalidziwa, limatuluka kummawa nkulowa kumadzulo, koma apa mpofunika kudekha chifukwa silitulukira malo amodzi chaka chonse. Limatulukira kummawa kwenikweni cha pa 21 Malichi ndi cha pa 23 Seputembala basi. Mu Juni limatulukira chakumpoto kwa pamenepo ndi madigiri pafupifupi 24, mu Disembala chakumwera ndi madigiri omwewo. Amene ali ndi windo loyang'ana kummawa akudziwa, nyengo yozizira kuwala kumagwera pakona ina ya chipinda, nyengo ya dzinja pakona inayo. Madigiri 24 si ochepa, pa mphambano ya njira ziwiri zoyandikana akhoza kukulowetsani yolakwika. Masana nde nkhani ina. Ife tili madigiri 14 kumwera kwa ikweta, choncho miyezi yambiri, kuyambira chapakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala, dzuwa la masana limakhala chakumpoto ndipo chithunzithunzi chanu chimaloza kumwera. Cha pa 1 Novembala limadutsa paliwombo penipeni, chithunzithunzi nkulowa pansi pa mapazi, kenako limapitirira kumwera moti mu Disembala ndi Januwale chithunzithunzi cha masana chimaloza kumpoto, mpaka lidzadutsenso paliwombo cha pa 10 Febuluwale pobwerera. Zimene mumawerenga pa intaneti zolembedwa ndi anthu a ku Ulaya kapena ku America zoti masana dzuwa limakhala kumwera, nzoona kwawoko, kuno musazitengere. Komanso kuno dzuwa limafika pachimake 12 koloko isanakwane, kuyambira cha mma hafu pasiti 11 mpaka pafupi ndi 12 kutengera mwezi, chifukwa tili chakummawa kwa mzere umene nthawi ya dziko lino imawerengedwera.

Njira imene ine ndimaikhulupirira, yosasamala kuti ndi mwezi wanji, ndi ya kamtengo. Zikani kamtengo kowongoka pamalo osalala, kotalika ngati mkono. Pamene pathera chithunzithunzi chake ikanipo mwala. Dikirani mphindi 15 kapena 20, gulani chimanga chootcha mudye, kenako ikani mwala wachiwiri pamene nsonga ya chithunzithunzi yafika. Mwala woyamba ndi kumadzulo, wachiwiri ndi kummawa, nthawi zonse, chifukwa dzuwa likamapita kumadzulo chithunzithunzi chimathawira kummawa. Pondani mwala woyamba ndi phazi lamanzere, wachiwiri ndi lamanja, kumene mwayang'anako nde kumpoto. Imagwira bwino kwambiri chakumasana, mmamawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka imaphonyako pang'ono koma osati mpaka kukusocheretsani. Ana aphunzitseni iyi, amaikonda.

Zilipo zina zothandiza. Mzikiti: Asilamu popemphera amayang'ana ku Makka, ndipo kuchokera kuno Makka ali pafupifupi kumpoto, kupendekera kummawa ndi madigiri osakwana 10, nde khoma limene amayang'anako, lija limakhala ndi kachipinda kotulukira kunja pang'ono, likukuuzani kumpoto. Mwina munaonapo mzikiti utakhala mopingasa pang'ono poyerekeza ndi mashopu oyandikana nawo, chifukwa chake nchimenecho, mashopu akutsata msewu, mzikiti ukutsata Makka. Masola a pa mijigo ndi mzipatala amene anaikidwa ndi odziwa ntchito amapendekera kumpoto, koma kasola ka pakhomo kongoponya padenga musakadalire. Usiku wa miyezi ya Epulo, Meyi, Juni, kumwamba kukayera, yang'anani nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda zimene azungu amati Southern Cross, tsatani mtanda wautaliwo kuchokera kumutu kudutsa kuphazi kwake, muutalikitse kanayi ndi theka, pamene mwafikapo tsitsani maso mpaka pansi, kumeneko nde kumwera. Nyenyezi ya kumpoto imene imatchulidwa mmabuku akunja kuno sioneka, musavutike kuifuna.

Mwapeza kumpoto, tsopano gonekani mapu. Ngati ndi pepala musaliimike ngati mukuwerenga nyuzi, ligonekeni chafulati pa dzanja, pa chishalo cha njinga kapena pansi pomwe, nkulizunguliza mpaka kumutu kwake kuloze kumpoto kwenikweni. Zolemba zikazondoka zisiyeni zizondoke. Kenako tsimikizani ndi zinthu ziwiri zimene mukuziona ndi maso, osati chimodzi. Msewu wokha umanamiza, chifukwa mzere wa pa mapu ukhoza kugona bwinobwino motsata msewu koma mbali ya Lilongwe italoza ku Ntcheu, zonse nkukhala chambuyo, ndipo cholakwika chimenechi nde chimasocheretsa anthu ambiri kuposa china chilichonse. Nde msewu ndi phiri, kapena msewu ndi tchalitchi, kapena mlatho ndi nsanja ya netiweki. Zikagwirizana zonse ziwiri, ikani chala chachikulu pamene mwaima, ndipo poyenda chalacho chiziyenda nanu. Mukakhota, thupi lanu nde lizungulire, mapu akhalebe chogonera dziko, kumene mukupita kuzikhala kutali ndi chifuwa chanu. Pa mapu a 1:50,000 aja masentimita 2 ndi kilomita imodzi, ndipo timizere tokhotakhota tikathithikana ndiye kuti pamenepo ndi chikweza, pa Dedza zimenezi nzofunika chifukwa njira yooneka yaifupi pa pepala ikhoza kukhala yokwera ndi mawondo.

Pa foni nzofanana, kungoti zala nde zimagwira ntchito. Pa Google Maps kadontho kabuluu ndi inuyo, ndipo kuwala kotambasuka ngati kwa tochi kochokera pa kadonthoko kukusonyeza kumene foni yaloza. Alamu aja akanangoyang'ana kuwalako akanaona kuti kwaloza kumiyendo kwa sikirini pamene kwathu kuli kumutu. Ikani zala ziwiri pa sikirini nkupotoza, mapu azungulira, ndipo pakona patuluka kakampasi, mukakadina mapu amabwerera kumpoto kumutu. Dziwaninso kuti mukadina zoti ikutsogolereni njira, mapu amasiya zoika kumpoto kumutu, amaika kumene mukulowera, nde musadabwe kuona phiri lasamukira kumanzere kapena kumiyendo, simwasochera ayi.

Koma kuwala kuja nako nthawi zina kumanama, ndipo izi ndazionapo kangapo. Kampasi ya mufoni imasokonezeka ndi zitsulo, mukakhala mu minibasi, pansi pa shedi ya malata, pafupi ndi thiransifoma kapena ngati kava ya foni yanu ili ndi maginito. Tulukani poyera, gwirani foni nkuizunguliza mmalere ngati mukulemba 8 kangapo, kuwalako kukachepa mulifupi ndiye kuti yakhazikika. Mafoni ena otchipa alibiretu kampasi mkati, amangodziwa kumene mukulowera mukamayenda, nde ngati yanu ili choncho yendani masitepe 20 kapena 30 motsata msewu muone kadontho kakusunthira kuti, kakamatalikira kumene mukufuna bwererani pompo musadikire mphindi 15. Za bandulo musade nkhawa kwambiri, GPS, imene imauza foni pamene mwaima, siidya bandulo, chimene chimadya ndi kukopa mapuwo, nde akopereni pasadakhale muli pa netiweki yabwino kuti azitseguka ngakhale popanda intaneti. Mmbali mwa malire muno foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Mozambique osakuuzani, nde mapu okopa kale amapulumutsa.

Mukatuluka kuno kupita mmizinda ikuluikulu luso ndi lomweli, chimene chimasintha ndi funso loti tauni ino anaigoneka potsata chiyani. Mizinda ina misewu yake anaijambula pa tebulo isanamangidwe, mizere yopingasana ngati bawo. Ku Chicago bawolo linalunjika kumpoto ndi kummawa kwenikweni. Ku Manhattan mu New York, pulani ya 1811 inatsata mmene chilumba chagonera, nde misewu yake inapendekeka madigiri pafupifupi 29, ndipo mapu ambiri a kumeneko amawapotoza dala kuti misewu ioneke yoimirira, anthu nkumati kumpoto pamene sikumpoto kwenikweni. Nchimodzimodzi ife ndi M1 yathu, kumpoto kwa pakamwa ndi kumpoto kwa kampasi nkosiyana, ndipo palibe vuto bola udziwe kuti mnzako akunena kuti. Nchifukwa chake mapu aliwonse opachikidwa pakhoma, kaya pa depoti kaya pa chipatala, yambani mwafuna kamuvi kosonyeza kumpoto musanakhulupirire kuti kumutu nde kumpoto.

Abale athu ambiri amadutsa pa boda ya Dedza pano kupita ku Joni, kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, nde mawu awiri kwa inu. Pakati pa Johannesburg, mzinda umene unayamba mu 1886, misewu ndi ya bawo, timabuloko tating'onoting'ono tofanana, ndipo vuto la bawo ndi loti makona onse amaoneka chimodzimodzi, ukangotuluka mu shopu sudziwanso unachokera kuti. Kumeneko musaloweze nyumba, lowezani mayina a misewu iwiri yopingasana pamene mwaima, ndipo muziwerenga mabuloko. Dziwani kuti Rissik, umene umadutsa pa Park Station, umayenda kumpoto ndi kumwera, pamene Bree umayenda kummawa ndi kumadzulo, komanso kuti pa mapu Bree mumupeza ngati Lilian Ngoyi ngakhale anthu mmataxi akadali kunena dzina lakale. Nsanja yaitali ya ku Hillbrow ikhale phiri lanu la Dedza, ili kumpoto chakummawa mukakhala pakati pa tauni. Ndipo kumeneko dzuwa la masana limakhala kumpoto chaka chonse, silidutsa paliwombo ngati kuno. Mapuwo aoneni musanatuluke panja, kuima pakona foni ili mmanja si nzeru.

Ku Lilongwe nde kulibe bawo, kuli ma Area ndi maraundabauti, ndipo manambala a ma Area satsatana ndi malo. Area 24 ili kumwera, mbali yomwe timalowera ife ochokera ku Dedza, pamene Area 25 ili kumpoto kwenikweni cha ku Kanengo, nde musaganize kuti mukafika ku 24 ndiye 25 ili kuseri kwa mpanda. Raundabauti ndi pamene mutu umazungulira kwambiri, mukatulukapo gonekaninso mapu. Ku Blantyre pakati pa tauni ndi ngati mafuwa atatu, Victoria Avenue, Haile Selassie ndi Glyn Jones, ndipo mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru akuzungulirani, mukawazindikira awiri basi mwapeza mbali zonse.

Chotsala ndi mbali yathu ife olondolera alendo, chifukwa kunena zoona tsiku lija cholakwa china chinali chathu, tinangoponya pini nkukhala chete ngati tamaliza. Pini imakuuza pamene pali nyumba, siikuuza kumene nkhope yako yaloza. Mukamuuza munthu kuti "mukhotere kumanja" yambani mwanena kuti akuchokera kuti, kumanja kwa wochokera ku Lilongwe ndi kumanzere kwa wochokera ku Ntcheu. Kuli bwino kunena zinthu zosatembenuka: mbali ya phiri, mbali ya boda, chaku Lilongwe, kotulukira dzuwa. Mawu oti kumtunda ndi kumunsi ngabwino kwa ife eni dera koma mlendo wogwira foni amawamva ngati kumutu ndi kumiyendo kwa sikirini, nde muzimuuza kuti kumtunda ndikunena kokwera. Mupatseninso chizindikiro chomuuza kuti wapitirira, monga "mukafika pa chigayo ndiye kuti mwadutsa, bwererani," chimenechi anthu amaiwala koma chimathandiza kuposa zonse. Pa WhatsApp kumbukirani kuti pali lokeshoni ya pamene mwaima nthawi imeneyo ndi ina yoyenda nanu ya mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, nde musatumize muli kumsika nkumati ndi kunyumba, ndipo imani panja kaye kadontho kakhazikike musanatumize. Ngati mukulemba manambala pamanja, Dedza ali cha pa -14.38, 34.33, kamzere kakutsogoloko kakutanthauza kumwera kwa ikweta, mukakasiya pini ikagwera ku Sudan.

Wa kabaza naye musamangomuonetsa sikirini. Ambiri mapu a dera lonse ali mmutu mwawo koma ndi mapu a mayina, a mijigo, magolosale ndi mitengo ya mibawa, osati a mizere. Inu werengani foni nkumumasulira, "Achimwene, tilowera mbali ya phiri, tikadutsa tchalitchi pali kanjira kotsikira kotulukira dzuwa," iye akuuzani dzina la malowo ndipo mwina akuuzaninso kuti kanjira kameneko mvula inakadula tidzere kwina. Safunsa anadya phula, foni siidziwa kuti mlatho unakokoloka dzana.

Ukwati wa mchemwali wanga uja ulipo posachedwa, nde kuseri kwa khadi ndajambula ndekha. Mzere umodzi wopendekeka, mbali ina ndalemba Lilongwe, mbali ina Ntcheu. Uta wa msewu wa mtauni ndi mphambano zake ziwiri, imene akuyenera kutsikira ndaizunguliza ndi bolopeni yofiira. Phiri ndalijambula lalikulu, pambali pake kamuvi kolembedwa kumpoto. Mmunsi ndalemba kuti: mukatsika basi yang'anani phiri, gwirani khadili chafulati kuti phiri lojambulali liloze phiri lenileni, kenako yambani kuyenda. Kukakhala chifunga yang'anani kumene basi yanu yalowera. Ngati mwachokera ku Blantyre tauni ili kudzanja lanu lamanja, muwoloke msewu. Ngati mwachokera ku Lilongwe ili kumanzere, mbali yomwe mwatsikirayo.